Nyimbo ya Bambo Anga Imene Ndinati Ndi Yanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinaba chinthu cha bambo anga iwo akuona, ndipo sanandiletse.

Nthawi imeneyo n'kuti nditakhala ku Doha chaka chimodzi chokha. Mayi anga ndi namwino, ndipo ntchito yawoyo ndi imene inachititsa kuti andilole kuchoka kwa azakhali ku Kawale n'kukakhala ndi makolo anga. Bambo anali dalaivala pa kampani ina yobwereketsa madalaivala kwa anthu opeza bwino. Kampaniyo inawapereka kwa mzungu wina wokalamba wa ku America, amene ankakhala ndi mwana wake wamkazi pansanjika ya nambala 19 ku The Pearl, chilumba chija anachita kumanga panyanja. Dzina la mzunguyo linali Dale. Bambo ankangowatchula kuti Madala, ndipo eniakewo ankayesa kuti ndi mmene Amalawi amatchulira dzina lawo, choncho ankavomera mosangalala.

Kenako kunabwera korona. Masukulu anatsekedwa, ndege zinaima. Mwana wa Madala anali atapita ku America pa za ntchito yake, ndipo anatsekeredwa konko. Mayi anawasamutsira ku wodi ya odwala korona n'kuwapatsa kachipinda pafupi ndi chipatala, moti kunyumba sankabweranso poopa kutipatsira. Tsiku lina mwana wa Madala anaimbira foni bambo kuwapempha kuti asamukire kwa nkhalambayo, chifukwa siikanatha kukhala yokha. Bambo anafunsa kuti nanga mwana wawo amusiya ndi ndani. Anawauza kuti apite naye.

Tinanyamula zikwama ziwiri. Pakhomo la nyumba yosanjayo tinapeza a Tembo, mlonda wa ku Chipata, amene anandiloza pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi.

"Mwabwera kukhala kumwamba, mama?" anatero akuseka m'masiki. "Yalla, tiyeni, lowani. Koma mukamatsika muzitipatsako moni ife apansi."

Tinakhala m'nyumba imeneyo miyezi isanu ndi iwiri. Ndikaikumbukira, chimene chimandibwerera poyamba ndi kuzizira kwa eyakoni ndi fungo la sanitaiza, ndiponso mawindo aakulu osatseguka. Pansi patali ndinkaona maboti oyera atangoima, osapita kulikonse. Masiku ankafanana kwambiri moti ndinkadziwa kuti ndi Lachisanu, tsiku lopuma kumeneko, pokhapokha ndikaona kuti aphunzitsi sanatitumizire ntchito.

Madala anali ndi zaka pafupifupi 80, aatali owerama, manja onjenjemera. Moyo wawo wonse anali wopeka nyimbo za m'mafilimu, makamaka za makatuni. Mbiri yawo ankaifotokoza pang'onopang'ono pa nthawi ya nkhomaliro, lero kachidutswa aka, mawa kena. Anabadwira m'katauni kozizira kozunguliridwa ndi minda ya chimanga, bambo awo ali okonza mawailesi. Piyano anaphunzira kutchalitchi kwa mayi wina amene ankawakhoma zala ndi pensulo akalakwitsa. Atakula anakwera basi masiku atatu kupita ku Los Angeles, komwe anayamba ndi kuimba m'mahotela, kenako kukopera pamanja manotsi a anthu ena kuti oimba vayolini ndi malipenga apeze chowerenga. Makatuni anawapeza mochedwa, koma anakhala nawo zaka zoposa makumi atatu.

Ine ndinali ndisanaganizepo kuti nyimbo za m'katuni amachita kupeka munthu. Tsiku lina anandiitana m'chipinda chawo chogwirira ntchito, momwe munali piyano, kompyuta ndi sikirini yaikulu. Anandionetsa mphaka akuterereka pamasitepe, mawu atazimitsa. Sindinaseke. Anabwereza atayatsa nyimbo, ndipo ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Waona?" anatero m'Chingerezi chawo chokoka. "Ojambula amamujambula mphakayu, koma womugwetsa ndine. Akaphethira, pali notsi yake. Ndikachedwa ndi kanthawi kochepa chabe, palibe aseke."

Miyezi imeneyo anali ndi ntchito imodzi yokha, imene ankati ndi yomaliza. Achinyamata ena a mu Doha momwemo ankapanga katuni yaifupi ya bulu wokalamba wotunga madzi, amene mwiniwake anamusiya atagula galimoto. Nyimbo zina zonse anali atamaliza, koma panali malo amodzi amene anawakanika: pamene buluyo akubwerera yekha kukhola dzuwa likupendeka, wopanda katundu kumsana. Anakhala pa malo amenewo milungu itatu. Ankaimba, kufufuta, kuimbanso, kenako n'kuika manja pamaondo.

Ndiyenera kunena mmene ndinkawaonera bambo anga masiku amenewo, ngakhale sizindikomera. Popeza kunalibe kopita, udalaivala unatha wokha. Bambo anasanduka wophika, wokolopa, wochapa, wosambitsa Madala ndi kuwawenga zikhadabo za kuphazi atagwada pansi. Zonsezi sizinali mu kontirakiti yawo, koma sindinawamvepo akudandaula. Chilichonse chinali "Yes sir, no problem sir." Anzanga a m'kalasi anali ana a madokotala ndi oyendetsa ndege, ndipo ine ndinali nditawauza kuti bambo anga amagwira ntchito ya zamtengatenga. Tsiku lina tili m'kalasi ya pakompyuta, bambo anadutsa kumbuyo kwanga ndi chidebe, kabudula atamupinda. Mtsikana wina anandilembera kufunsa kuti ameneyo ndi ndani. Ndinayankha kuti ndi wantchito wa pano. Ndinadziuza kuti sindinaname, chifukwa analidi wantchito wa pamenepo.

Bambo anali ndi chuni chimodzi chimene ankakonda kung'ung'udza. Ankachiimba pometa ndevu, poyendetsa galimoto, posita malaya. Ndinakula ndikuchimva moti sindinkachimvanso, monga mmene munthu samamvera phokoso la firiji ya m'nyumba mwake. Sindinafunsepo kuti chinachokera kuti.

Masana ena ndinapititsa tiyi m'chipinda cha Madala. Pasikirini bulu uja ankayenda mwakachetechete, mutu uli pansi. Ndikuika kapu patebulo, ndinayamba kung'ung'udza chuni chija osadziwa. Madala anatukula dzanja.

"Imbanso."

Ndinaimbanso, mwamanyazi. Anabwezera bulu poyambira n'kundiuza kuti ndiyambe akangoponda phazi loyamba. Ndinaimba, ndipo chuni chija chinayenda limodzi ndi miyendo ya buluyo ngati anachita kuyezera. Madala anachifunafuna papiyano ndi chala chimodzi, anachipeza, kenako anawonjezera dzanja lamanzere. Kanyimbo ka pometa ndevu kaja kanamveka ngati chinthu cha mtengo wapatali.

"Ndi nyimbo ya kwanu?" anafunsa. "Ya kutchalitchi? Ya makolo?"

Ndikanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinati ayi.

"Nanga ndi ya ndani?"

Ankandiyang'ana mwa njira imene munthu wamkulu anali asanandiyang'anepo chibwerereni ku Doha. Kusukulu ndinali mtsikana wa ku Africa wokhala kumbuyo, amene aphunzitsi ankalephera kutchula dzina lake. Pano munthu amene nyimbo zake zinamveka m'mayiko ambiri ankadikira yankho langa pakamwa pali yasa.

"Ndi yanga," ndinatero. "Ndinaipeka ndekha."

Kanali koyamba kuwaona Madala akuseka mpaka kuoneka mano onse. Anati dzina langa lidzalembedwa kumapeto kwa filimuyo, pamzere wakewake. Tsiku lomwelo anaimbira foni mayi amene ankatsogolera achinyamata aja kumuuza kuti apeza mwana wa luso. Kenako anakuwa molunjika kukhitchini.

"Lackson! Bwera udzamve zimene mwana wako wapanga!"

Bambo anabwera akupukuta manja ndi thaulo. Anaima pakhomo, Madala n'kuimba chuni chonse kuyambira poyamba. Ine ndinkayang'ana pansi, koma ndinaona mapazi awo atasiya kusuntha. Kenako nyimbo inatha.

"Very nice, sir," anatero bambo. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa: "Tadala, homuweki wamaliza?"

Ndinagwedeza mutu. Anabwerera kukhitchini, ndipo ndinamva mpope wa madzi ukutsegulidwa.

Ndinayembekezera kuti tikakhala awiriwiri andikalipira. Sanatero. Anandipakulira mpunga monga mwa masiku onse, anandikumbutsa kuimbira foni mayi, anandifunsa ngati ndachapa masiki anga. Chimene chinasintha chinali chimodzi chokha: anasiya kung'ung'udza. Ankameta ndevu mwakachetechete, ankasita mwakachetechete. Zinakhala choncho masiku asanu ndi anayi.

Masiku amenewo anali olemetsa pa chifukwa chinanso. Mayi anayamba kutentha thupi, ndipo atawayeza anawapeza ndi korona. Sanawagoneke m'chipatala, koma anawatsekera m'kachipinda kawo kaja. Pafoni ankalankhula mawu awiri n'kupuma, mawu awiri n'kupuma. Bambo ankamvetsera atatsamira khoma, akumangoti, "Imwani madzi, amake Tadala, imwani madzi." Akamaliza ankapita kukasambitsa Madala ngati palibe chimene chachitika.

Ine ndinali ndi vuto langa. Madala anati chuni chija chinali chosakwanira. Ankati chikumveka ngati munthu wafunsa funso koma sanayankhidwe, ndipo buluyo anali adakali ndi mtunda woti ayende asanafike kukhola. Tsiku lililonse ankandikhazika pambali pa piyano kuti ndipeze gawo lachiwiri. Ndinkayesa, koma chilichonse chimene chinkatuluka pakamwa panga chinali zidutswa za nyimbo za pawailesi. Iwo ankandilimbitsa mtima.

"Usadandaule, chibwera chokha. Chinachokera komweko choyambacho."

Ndikamva mawu amenewo ndinkayesanso, koma osaphula kanthu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, cha m'ma 11 koloko m'mawa, mayi anaimba foni. Anali atawayezanso ndipo kachilombo kanali katatha. Ankaseka, mawu awo atabwerera. Bambo anakhala pansi pa matailosi a kukhitchini, anaphimba nkhope ndi manja kwa kanthawi, kenako anadzuka n'kuyamba kutsuka mbale za m'mawa. Ine ndinali patebulo ndi mabuku anga. Pakati pa kutsukako anaiwala zonse n'kuyamba kuimba, osati kung'ung'udza chabe, koma kuimba ndi mawu. Ndinali ndisanadziwe kuti nyimboyo ili ndi mawu. Inkanena za mwamuna wouza mkazi wake kuti asataye mbewu, chifukwa iye adzabwera mvula isanagwe. Atafika pamene ine ndinkathera, sanaime. Mawu anakwera, anakhota, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kukakhazikika pansi. Linali gawo lachiwiri lija.

Nditatukula maso ndinaona Madala ataima pakhomo la khitchini, ndodo m'dzanja limodzi, kapu yopanda kanthu m'dzanja lina. Bambo anawaona n'kutseka mpope.

Palibe anakuwa. Madala anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane, movutikira, ngati munthu amene wayenda ulendo wautali. M'Chingerezi mulibe kusiyanitsa iwe ndi inu, koma mmene analankhulira ndi bambo tsiku limenelo ndinamva kuti akunena kuti inu.

"Lackson, nyimboyi ndi yanu?"

"Ndi kanyimbo chabe, sir."

"Sindinafunse zimenezo."

Bambo anayang'ana ine, kenako anayang'ana pawindo. "Ndi yanga, sir. Ya kalekale."

Madala anasisita mutu wa ndodo yawo. Atayamba kulankhula sankandiyang'ana ine, ankayang'ana patebulo. Anati pali gawo la mbiri yawo limene anali asanatiuze. Asanayambe za makatuni, anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kwa munthu wina wotchuka wopeka nyimbo za m'mafilimu. Munthuyo ankalandira ntchito zambiri kuposa zimene akanatha, ndiye ankazigawira anyamata atatu amene ankakhala m'chipinda chakumbuyo. Dzina lotuluka pafilimu linali la bwanayo basi. Chaka china nyimbo imene Madala anapeka okha, kuyambira notsi yoyamba mpaka yomaliza, inapata mphoto yaikulu. Mwambowo anauonera pa TV kunyumba ndi akazi awo. Bwanayo anathokoza mayi ake, galu wake ndi Mulungu. Akazi a Madala anadzuka, anazimitsa TV n'kukagona.

"Atamwalira anandipempha kukaimba piyano pamaliro ake," anatero Madala. "Ndinapita. Ndinaimba nyimbo yanga yomwe ija, anthu n'kumalira kuti munthu wapita ndi luso lake. Patha zaka makumi atatu, koma ndikadzuka m'mawa ndimakanganabe naye. Ndatopa naye munthu ameneyo, koma sachoka."

Kenako anandiyang'ana. Maso awo sanali aukali, anali otopa basi.

"Mawa uimba foni wekha kwa mayi wa filimu uja, umuuze zoona. Ndipo pamzere paja palembedwa dzina la bambo ako."

Ndinayamba kulira. Koma amene anayankha anali bambo.

"Foni aimbe, sir. Koma dzina langa ayi."

Madala anadabwa. Bambo anafotokoza modekha, akupinda thaulo m'manja. Kontirakiti yawo inkati dalaivala. Kampani ikanaona dzina lawo pa ntchito ya anthu ena, ikanati akugwira ganyu popanda chilolezo, ndipo anthu anabwezedwapo kwawo pa zifukwa zochepa kuposa chimenecho. Madala anamenya ndodo pansi. Anati malamulo asintha, TV yakhala ikulengeza mlungu wonse kuti tsopano wantchito angathe kusintha ntchito popanda kupempha kalata kwa abwana ake, nthawi yoopa makampani yatha.

"Lamulo lasintha pa TV, sir," anatero bambo. "Ku ofesi kwathu sindikudziwa ngati anaonera TV imeneyo."

"Ndiye mulola kuti zikuchitikireni zimene zinandichitikira ine?"

Aka kanali koyamba kumva bambo akuyankha Madala popanda kutchula mawu akuti sir.

"Inu mukufuna kukonza nkhani yanu ija pogwiritsa ntchito dzina langa. Ndikumvetsa. Koma zikavuta, inu mudzakwera ndege kupita kwanu mwakufuna kwanu. Ine adzandikweza. Mkazi wanga wangochira lero, mwana ali pasukulu. Dzina lidikire."

Madala anatenga ndodo yawo. Anadzuka pang'onopang'ono n'kupita kuchipinda chawo, ndipo tsiku limenelo sanadye nkhomaliro.

M'mawa mwake ndinaimba foni ya pavidiyo ija, Madala atakhala pambali panga. Mayi wotsogolera filimuyo anali wachitsikana, atanyamula khanda lolira paphewa. Ndinali nditakonzekera mawu ambiri, koma ndinangoti nyimbo ija si yanga, ndinanama, ndi ya bambo anga. Iye anagwedeza khandalo n'kunena kuti palibe vuto, afufuta dzina langa, kenako anafunsa Madala kuti ntchito yonse itha liti. Zinatha mphindi ziwiri. Ndinadabwa kuona kuti chinthu chimene chinandidya masiku onse aja chinali chaching'ono chotero kwa anthu ena. Chinali chachikulu kwa anthu atatu okha a m'nyumba muja.

Patapita masiku awiri Madala anatuluka m'chipinda cha mwana wawo atanyamula gitala ya fumbi. Anaiika patebulo la kukhitchini patsogolo pa bambo.

"Munthu wopeka chuni chotere anachipekera pa chinachake," anatero. "Papiyano sichikukhala bwino. Ndikuganiza kuti ndi cha pagitala."

Bambo anaiyang'ana osaikhudza. Kenako anapukuta manja pa thalauzi, anaitenga n'kuyamba kukunga nsambo, khutu atalitsamiritsa pathabwa. Ine ndinali ndisanawaonepo atagwira gitala. Mayi ndi amene anadzandiuza pambuyo pake kuti ine ndisanabadwe bambo ankaimba m'bandi ina ku Kawale, m'maukwati ndi m'malo omwera mowa, ndipo gitala yawo anaigulitsa pokonzekera ulendo wa ku Qatar. Nyimbo ija anaipeka mlungu womaliza asanaigulitse.

Nyimboyo anaijambula Lachisanu masana. Madala anati eyakoni ikupanga phokoso, choncho tinaizimitsa, ndipo m'kanthawi kochepa m'nyumba munatentha ngati m'uvuni. Anawakhazika bambo pa kampando m'kati mwa wodilopu ya zovala, pakati pa majekete kuti mawu amveke bwino, maikolofoni ili patsogolo. Popeza manja a Madala ankanjenjemera, ine ndi amene ndinkadina batani loyambitsa ndi loimitsa. Zala za bambo zinali zitaiwala. Ankaphonya, ankachedwa, nthawi zina bulu ankafika kukhola iwo adakali panjira. Madala sanawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

"Mwathamanga. Buluyu sakupita ku ukwati. Bwerezani."

Anabwereza kambirimbiri. Malaya a bambo ananyowa mpaka kumamatira kumsana, nsonga za zala zinatuluka matuza.

"Khalas, sir, basi," anatero bambo potsiriza. "Zala zakana."

"Kamodzi kokha. Musayang'ane zala, yang'anani bulu."

Ndinadina batani. Bambo anaimba maso ali pasikirini, mochedwerako, ngati munthu amene alibenso mphamvu zothamangira. Pakati pa gawo lachiwiri nsambo ina inalira molakwika pang'ono. Koma anapitiriza mpaka kumapeto. Madala anavula mahedifoni n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Imeneyo," anatero. "Yatsani eyakoni tisanafe."

Bambo anatuluka m'wodilopu, anaika gitala pabedi, anamwa madzi makapu awiri, n'kupita kukatenthetsa chakudya chamadzulo.

Kumapeto kwa filimuyo analemba kuti chuni cha bulu ndi gitala ndi za mnzathu wa ku Malawi. Ndi zimene awiriwo anagwirizana. Ndege zitayambanso kuyenda mwana wa Madala anabwerera, ife n'kubwerera kunyumba kwathu, mayi n'kubweranso ataonda kwambiri. Bambo anayesadi lamulo latsopano lija. Anapeza ntchito pa hotela ina ku Msheireb n'kupereka notisi, koma kampani yawo inawazunguza miyezi isanu. Lero bwana kulibe, mawa mapepala asowa, mkuja akuwaopseza kuti awathetsera viza. A Tembo, amene nawonso ankayesa kusintha ntchito, anagwa ulesi panjira n'kukhalabe pakhomo paja. Bambo anapirira mpaka zinatheka.

Mlungu umene anayamba ntchito yatsopano, anandiuza kuti ndiwalembere uthenga wopita kwa Madala, wonena kuti tsopano dzina lija angathe kulilemba. N'kuti Madala atabwerera kale ku America chifukwa cha kudwala. Anayankha ndi mwana wawo. Anati filimuyo inatsekedwa kalekale ndipo inaonetsedwa kale, achinyamata aja anabalalika, ndipo bambo ake masiku ambiri sakuzindikiranso anthu. Anamwalira chaka chotsatira. Nditawawerengera uthengawo bambo anangoti, "Chabwino," n'kuvala jekete lawo la ntchito, chifukwa shifiti inali itayandikira.

Ine ndinabwerera ku Malawi kudzapitiriza maphunziro. Chaka chatha bambo anabwera pa tchuthi, tsitsi litayamba imvi, msana ukuwavuta chifukwa cha kukhala pachiwongolero. Tsiku lina ndinawaperekeza kukaona kanyumba kamene akumanga ku Chinsapo. Tinakhala pa mulu wa njerwa tikudya chinangwa chootcha, ndipo ndinawafunsa funso limene ndinali nditalisunga zaka zonsezi. Ndinafunsa chifukwa chimene anakhalira chete masiku asanu ndi anayi aja.

Anatafuna kwa kanthawi.

"Masiku atatu oyamba ndinkadikira kuti ubwera wekha," anatero. "Usanene kwa mzungu, ungobwera kwa ine kukhitchini. Sunabwere. Ndiye ndinaganiza kuti mwina mwanayu akufunika kanthu kena koti azinyadira, ine ndilibe china chomupatsa, atenge kameneka. Koma usaganize kuti sizinandipweteke, mayi."

Ndinapepesa tsiku limenelo, patatha zaka zisanu. Anangondigwira paphewa n'kuyamba kukamba za mtengo wa malata.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti chimene ndinaphunzira m'nyumba muja ndi chakuti kunama n'koipa, ndiponso kuti ntchito ya munthu iyenera kuyenda ndi dzina lake. Zimenezo n'zoona, ndipo Madala anafa nalo bala limenelo. Koma tsopano ndikuona kuti tchimo langa linayamba bodza lisanatuluke pakamwa. Pamene ndinkati nyimboyo ndi yanga sindinaope n'komwe kuti bambo amva, ngakhale anali chipinda chachiwiri kuchokera pamene ndinaima. Sindinaope chifukwa mumtima mwanga ndinali nditagamula kale kuti munthu wokolopa ndi wonena kuti yes sir alibe chake chimene wina angamubere. Anthu a m'nyumba zosanja zija akanatha kuganiza choncho chifukwa sankawadziwa. Ine ndinali mwana wawo, ndinkadya chimene aphika, ndipo ndinaganiza chimodzimodzi.